Kalembula wa ba Yande

Ba Yande ndi aneba anga kuno ku Nangongwe, timatunga madzi pa pompi imodzi. Anthu amati ndi aumbombo. Ine ndimati wonena zimenezo ayambe wagwira khasu.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli dothi lakuda lija, lomata nthawi ya mvula, louma gwa mu Okutobala. Zaka ndi zaka kandolo wawo, mbatata ija, ankangotuluka timizu ngati zingwe za nsapato. Anatuta mchenga mpaka msana kuwawa, kusakaniza ndi phulusa, kuunda mitumbira yofika m'mawondo, koma kukumba n'kupeza zomwezo. Kenako anazindikira kuti vuto silinali dothi lokha, analinso manja a aneba. Kuno kalembula, masamba a kandolo aja, sapemphedwa kawiri. Munthu amati "odi" dzanja lili kale m'dimba. Aliyense akathyola kandiwo ka lero, mbewu imatsala mbulanda, ndiye pansi ibereke chiyani?

Chaka chatha anamanga mpanda wa bango, n'kulengeza kuti tsamba silichoka mpaka akumbe. Anthu anang'ung'udza, kenako anazolowera.

Ndiye mu Malichi anamwalira ba Lastone, oyendetsa minibasi ya ku Lusaka, kusiya mkazi wawo Ireen ndi ana atatu. Amayi a kutchalitchi anafika ndi mabeseni kudzathyola ndiwo za pamaliro. Za pamaliro munthu sakana, ngakhale mwana amadziwa. Ba Yande anaima pakhomo pa mpanda.

"Manje ba Yande, muzakana na pa malilo?" anafunsa mkulu wa amayiwo.

"Nkuni nizapeleka, manzi nizatapa, kulila nizalila," anayankha ba Yande. "Koma mabeseni aya sangena muno."

Kunena zoona, ine ndinachita manyazi m'malo mwawo. Kumaliro anapitadi, anavundula nshima mpaka maso kufiira ndi utsi, koma akati akhale pamphasa, anzawo ankasendera kutali. Kuchokera tsiku limenelo moni anawamana. Pa pompi nkhani inkatha iwo akangotulukira. Zinawapweteka, anandiuza okha misozi ili m'maso, koma mpanda sanatsegule.

Mu Juni anakumba. Kandolo wake, abale, wina kukula ngati mkono wa mwamuna, wofiira, wopanda ndi chibowo chomwe. Thumba loyamba silinapite kumsika. Analisenza pamutu dzuwa lili paliwombo, kudutsa pakati pa msewu anthu onse akuona, ine ndili pambuyo, mpaka kwa Ireen. Kumeneko olira anali atabalalika kalekale, ndipo mbaula inali isanayake chiyambire dzulo lake.

Ireen anagwada, nayamba kupepesa chifukwa cha mawu amene anthu ankanena. Ba Yande anamudula pakamwa.

"Baja bamai ba mabeseni benze kufuna kudyesa bantu bokuta kale. Nyamuka iwe, ika manzi pa moto, bana badye."