Injiniya amene sankafunsa

Dzina loti Injiniya anampatsa ndi amalume ake, tsiku lomwe foni ya mayi ake inagwera m'ndowa iye n'kuitsegula, kuiyanika pawindo, mpaka inayambanso kulira. Anali adakali ku pulayimale. Kuyambira pamenepo mzere wonse wa nyumba unkabwera kwa iye ndi mafoni ofa, mawayilesi osokosera, ngakhale ayironi yosatentha. Akalephera sankavomera. Ankangogwedeza mutu ngati dokotala n'kunena kuti, "Ichi chinapsa kale m'kati." Anthu ankakhulupirira, ndipo mwana anakula osalawapo mawu oti sindikudziwa.

Kupanga mapulogalamu a pafoni anadziphunzitsa yekha, pa laputopu yakale yopanda batani limodzi, akuonera mavidiyo. Mutu anali nawo, zimenezo tisam'mane. Kampani ina yaing'ono itamutenga kuti imuyese kwa miyezi itatu, kunyumba kunali chisangalalo ngati wabadwa mwana. Bambo ake, mlonda wopuma ntchito, anauza aliyense, ngakhale wogulitsa makala amene sanafunse.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala: matebulo awiri aatali, fani yolira, ndi bokosi la mafoni akale oyeserapo mapulogalamu. Gululo linkatsogoleredwa ndi mayi wina wochepa thupi, wolankhula motsitsa, amene onse ankangomuti Madamu. Pafupi ndi Injiniya pankakhala Ndevu, mkulu wanthabwala amene anakalambira pa ntchitoyi.

Anali ndi kachitidwe kawo. M'mawa uliwonse onse ankaimirira mozungulira, aliyense n'kunena zimene anachita dzulo, zimene achite lero, ndi pamene pamukanika. Injiniya zinkamudabwitsa. Anthu akuluakulu, a masatifiketi awo, kuulula poyera kuti zawavuta! Ngakhale Ndevu ankati, "Ine dzulo ndazungulira ngati nkhuku yodula mutu, wina andithandize," anthu n'kuseka, wina n'kukoka mpando.

Ikafika nthawi yake, Injiniya ankayankha msanga.

"Zonse zili bwino, Madamu. Nditsiriza mawa."

Koma sizinali bwino. Anampatsa tsamba limodzi la pulogalamu ya kasitomala wina wonyamula katundu panjinga zamoto, pomwe dalaivala amadina kusonyeza kuti katundu wafika. Pa foni yake linkayenda bwinobwino. Pa mafoni akale a m'bokosi aja, netiweki ikangodukiza pang'ono, pulogalamu yonse inkadzitseka. Anazindikira zimenezi sabata yoyamba yomwe. Anafufuza pa intaneti, anafufuta n'kulembanso, nthawi ya nkhomaliro ankatsala yekha akutuluka thukuta. Ndevu anali pomwepo, chigongono chake chikukhudza chake, koma pakamwa panakana kutseguka. Injiniya ankaopa kuti akafunsa, Madamu adzaona kuti analemba ntchito munthu wamba. Bokosi lija analikankhira kuseri kwa katoni ya mapepala, ndipo mawa lake lija linkangosunthira kutsogolo.

Tsiku loonetsa ntchito, kasitomala anabwera ndi dalaivala wake mmodzi, ndipo dalaivalayo anatulutsa foni yake yosweka galasi. Anadina kamodzi, pulogalamu inazima. Anadinanso, inazimanso. Kasitomala anayang'ana Madamu, Madamu anayang'ana pansi. Injiniya analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe.

Alendo atapita, Ndevu anakoka laputopu ija, nawerenga khodi, malangizo oyendetsa pulogalamu amene Injiniya analemba, akukanda chibwano. Tiyi wake asanazizire n'komwe anali atakonza.

"Kavuto aka kanandilizapo inenso chaka changa choyamba," anatero Ndevu. "Ukanangonditsina, mphwanga."

Mawu achifundowo anamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Madamu anamuitanira pakhonde la masitepe, pomwe pankamveka fungo la matayala. Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinkachititsa manyazi kwambiri.

"Achimwene, munadziwa liti kuti imazima?"

Anafuna kunama, koma mphamvu zinamuthera. "Kalekale, Madamu."

"Mukuona? Khodi yanu ndi yaudongo, ndaiwerenga. Munthu woyamba kumene sitiyembekezera kuti adziwe zonse, zimenezo timaphunzitsa. Chimene timafuna n'choti akayesa pa foni ya munthu wosauka n'kuona vuto, atiuze tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse ndimakufunsani, inu mumandiyang'ana m'maso. Ndiye mawa mukadzati zili bwino, ndidzadziwa bwanji?"

Madamu anamuuza kuti miyezi yoyeserera ithera pomwepo, ndipo akadzafuna kalata yomuchitira umboni kwina adzamulembera zoona zokhazokha, zabwino ndi zinazo.

Mukuganiza kuti anaphunzirapo? Ayi ndithu. Kunyumba anafika akumwetulira, n'kunena kuti tsiku layenda bwino. M'mawa mwake anasita shati, anabereka chikwama, n'kutuluka. Ankakakhala mulaibulale kapena pa benchi ya pa siteji ya basi, laputopu pamiyendo, akutumiza makalata ofunsira ntchito, n'kubwerera madzulo atadzitopetsa nkhope. Mlongo wake akamufunsa kuti pulogalamu ija ituluka liti kuti akaonetse anzake, ankati posachedwa.

M'mawa wina atatuluka kubafa anapeza bambo ake atakhala pakhomo, magalasi ali pamphuno, akupolisha nsapato zake za ku ofesi. Ankapukuta mosamala, mpaka m'mphepete mwa zingwe.

"Munthu wa muofesi asamayende ndi fumbi," anatero osadzutsa mutu.

Injiniya anaima ndi thawulo paphewa. Nsapato imodzi inali itawala kale, inayo ili m'manja mwa nkhalambayo.

"Bambo, zisiyeni. Ntchito ija anandichotsa."

Burashi inaima.

"Liti?"

"Papita masabata."

Bambo ake anavula magalasi, namuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anaika nsapato ija pansi, pafupi ndi inzake, n'kufunsa motsitsa kwambiri.

"Nanga mwana wanga, masiku onsewa ndimakutsanzika pakhomo pano, umapita kuti?"