Mboni Imene a Makwinja Anaitana

Ndikakumbukira a Makwinja, ndimamva fungo la fodya wa bale akuuma m'chigafa, fungo lolemera lija limene linkalowa m'mabulangete, mu ufa, ngakhale m'mapemphero, litasakanikirana ndi utsi wa zitsononkho umene unkatuluka m'khoma la udzu la nyumba yawo n'kulowa mwathu popanda odi. Tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Kapondo, ndipo nyumba zathu zinayandikana kwambiri moti iwo akayetsemula, amayi ankayankha kuti pepani.

Anachokera ku Phalombe ndi mkazi wawo kudzalima fodya wa eni ake. Mkaziyo anamwalira dzinja lachiwiri, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Esinati, ndi mpukutu wa ulusi wakuda womangira tsitsi. A Makwinja anatenga zonse ziwiri ngati udindo. Lamulungu lililonse m'mawa ankakhala pa mtondo wogonekedwa pansi, mwana pakati pa maondo, n'kumamanga tsitsi ndi zala zomwezo zosokera fodya. Zotsatira zake ndizinena mwaulemu popeza eni ake anatisiya: Esinati ankalowa m'tchalitchi mutu uli ngati chinanazi. Azibambo ankawaseka, azimayi ankapempha kuti awathandize, koma iwo ankangoyankha kuti, "Mayi ake ankatero, ine ndikungopitiriza."

Analibe womusiyira mwana, ndipo sukulu inali kutsidya kwa dambo limene linkadzaza dzinja lonse, choncho kumene iwo ali n'kumene Esinati ali. M'mamawa ankatsatana m'mizere, bambo akuthyola masamba, mwana akulandira n'kukumbatira pachifuwa, mame akutsikira m'kadiresi. Tonsefe ana a matenanti tinkatero. Fodya wonyowa amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Izi ndinadzazimva ku koleji, pa miyezi imene koleji inatha kundipirira. Nthawi imeneyo tinkangoti mwana waledzera fodya, n'kumupatsa madzi a shuga.

Tsiku lina Esinati analedzera koopsa, kusanza mpaka kukomoka, ndipo abambo ake anathamangira naye kuchipatala. Anamwino anamuchiza, kenako anayang'ana timanja take takuda ndi utomoni wa fodya, n'kufunsa zaka zake. Zinali zaka zija za matipate pamene wailesi inkalankhula za ufulu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo kwa ife ufulu wa ana unafika pa njinga yamoto, utavala chisoti. Anali mayi wa ku ofesi ina yoona za ana ku boma. Sanali munthu wankhanza. Analonjera mwaulemu, anayang'ana mphasa, denga lodontha, ndi malo amene nkhokwe ikanakhala. Esinati sanabwererenso kumakomboni. Anakamusunga kunyumba ina ya ana pafupi ndi boma, akuti mpaka zinthu zitalongosoka.

A Makwinja anayamba kulongosola zinthuzo. Anamata khoma ndi dothi, anafolera denga, anasesa mpaka pakhomo pathu. Ankabwereka njinga ya abambo anga n'kupalasa kupita ku boma atavala jekete imene ankaisungira maliro. Ulendo woyamba anatenga ulusi uja m'thumba, koma anakapeza mwana atametedwa mpala monga ana onse a m'nyumbamo, poopa nsabwe. Atabwerako anabweza njinga, anathokoza, ndipo tsiku limenelo sanakoleze moto. Tinadziwa chifukwa utsi sunalowe kwathu.

Ku ofesi ankawauza zoona zokhazokha, n'chifukwa chake zinkapweteka. Nyumba ndi ya esiteti. Munda ndi wa esiteti. Mukapita kumunda, mwana atsala ndi yani? Pomaliza mayi uja anawauza kuti abwere ndi wachibale woti aimepo pa nkhaniyi. A Makwinja anamva kuti pakufunika mboni, munthu woti akanene kuti iwo ndi bambo weniweni, samwa, samenya. Anasanthula abale onse m'mutu n'kusankha wolemekezeka koposa: mlamu wawo a Dayisoni, achimwene a malemu mkazi wawo, mwini nyumba ya malata komanso mkulu wa mpingo kwawoko. Anagulitsa wailesi kuti awatumizire thiransipoti.

Amayi anga atamva anasiya kupeta. Anapita okha kukawauza kuti aganize bwino, popeza kwathu kuno ngakhalenso kwawoko mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume akafika pa nkhani ya mwana, bambo amasanduka mlendo. A Makwinja anaseka. Anati mlamuyo sanabwere ngakhale kumaliro a mlongo wake, mwanayo sakumudziwa nkhope, ndiye angamufunirenji?

A Dayisoni anafika ndi nsapato zowala ndi ambulera, anadya nkhuku yomaliza ya pakhomopo, anayamikira kaphikidwe. Abambo anga anawaperekeza onse awiri ku boma, ndipo zotsatirazi ndinazimva kwa iwo, mobwerezabwereza, mpaka ukalamba wawo. Akuti mayi uja atafunsa mlendoyo kuti ndi ndani, a Dayisoni anakhosomola pang'ono n'kunena kuti ndi malume ake a mwanayo, mwinimbumba. Nkhope ya mayiyo inamasuka ngati ya munthu amene watula mtolo. Anafunsa za nyumba: ya malata. Sukulu: pafupi, belu limamveka pakhomo. Wosamalira mwana: akazi awo alipo, ana aakazi aliponso. A Makwinja ankagwedeza mutu pa yankho lililonse, monyadira, ngati akuti onani abale amene ndili nawo.

Anadzazindikira kuti mwana akupita ndi mboni yawoyo pamene mayiyo anatembenukira kwa iwo n'kufunsa ngati angakane kuti kwa malume mwanayo akakhala bwino kuposa ku esiteti. A Makwinja anali munthu wosadziwa kunama, vuto limene ine sindinabadwe nalo.

"Akakhala bwino, inde," anatero. "Koma ine, mayi, ndikhala bwanji?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Funso limenelo linalibe ofesi yake.

Esinati anakwera basi ndi malume ake m'mawa mwake. A Makwinja anawanyamulira alamu awo ambulera mpaka pa depoti, popeza ulemu sanausiye ngakhale tsiku limenelo. Mwanayo sanalire. Ankaganiza kuti abambo ake akwera nawo, ndipo anawasungira malo poika kadzanja kake pampando.

A Makwinja ankati akagulitsa fodya apita kukamuona, koma fodya wa tenanti alibe chizolowezi chofikitsa munthu ku Phalombe. Anapitako kamodzi kokha. Anabwerako akunena kuti mwana wanenepa, akuwerenga bwino, ndipo anawagwadira chapatali monga amachitira ndi alendo. Anazinena akumwetulira, kenako anapempha madzi akumwa. Anakhala pa esiteti yomweyo mpaka chifuwa chinawatenga, ine ndili ku sekondale.

Lero nanenso ndine mwinimbumba, udindo wokhawo umene ndinaupeza popanda kulemba mayeso. Mlongo wanga atamwalira anasiya ana awiri ndi mwamuna wosoka nsapato, m'kanyumba ka lendi cha ku Chiosya. Achibale anati ndiwatenge anawo. Ndinakana. Iwo anati ndi ulesi wanga womwe uja, ndipo sindinatsutse, popeza mbiri yanga ili kumbali yawo. Ndimapita kukawaona mwezi ukatha, shuga ndi sopo zili m'kajumbo. Mlamu wanga akandiona ndikutulukira pakona amaimirira msanga, maso ake osayang'ana nkhope yanga koma chimene ndanyamula. N'chifukwa chake kumeneko sindipita ndi chikwama choti mungalowe zovala za ana.