Amake Dokotala wa Nyenyezi

Pa Nsaru pali mayi ena ogulitsa tomato amene sangakupatseni mulu osatchula mwana wawo. "Queen wanga ali ku Joni, amaunika nyenyezi pa ekisireyi," amatero monyadira. Queen wawafotokozera kangapo kuti iye amangoyang'anira pa kompyuta milalang'amba yakutali ikamang'anima ndi kuwala kwa ekisireyi, kumene maso sangakuone. Mayiwo anatolapo liwu limodzi lokha, la ekisireyilo.

Queen atabwera kutchuthi, amake anamubweretsera a Lazaro, aneba awo, amene ankatsokomola koma akukana chipatala.

"Taunika pachifuwa pa abambowa."

"Amayi, ine si dokotala wa anthu!"

"Mwamva, a Lazaro? Akuti chifuwa chanuchi chamukulira. Chikakanika munthu wounika nyenyezi, ndiye kuti zavuta. Tiyeni!"

A Lazaro mantha anawagwira, nakwera minibasi tsiku lomwelo. Kuchipatala anawapeza ndi TB, ndipo mankhwala anawathandiza.

Atachira anabwera ndi tambala wothokozera "adokotala." Popeza adokotalawo anali atabwerera ku Joni, mayiwo anawalandirira tambalayo ndi manja awiri, ndipo anawadyeranso.