Ndowa za a Sidontha

Apongozi anga aamuna dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula mu kamsewu ka kuseri kwa msika anthu angokuyang'anani. Kumeneko ndi a Sidontha. Anakhoma ndowa za malata kuyambira ali mnyamata mpaka imvi kumera, ndipo munthu akafunsa mtengo iwo sankayamba ndi mtengowo. Ankaitembenuza ndowa, kuigogoda kunsi ndi chala, n'kunena kuti, "Iyi sidontha." Dzina linachokera pamenepo.

Ine ndimayendetsa lole. Ndinakwatira mwana wawo wachiwiri, ndipo ntchito yanga ndi kukoka makontena kuchokera kudoko kubwera nawo kuno, kenako kubwereranso. Zamkati mwa kontena sindizifunsa kwenikweni. Ndimazidziwira pachitunda, injini ikayamba kulira.

Shedi ya apongozi inali chipinda chimodzi cha khomo lalikulu. Pakati panali chidutswa cha njanji chokhomerapo, pambali nyundo yamtengo yosalala ndi thukuta, sizasi yodulira malata ndi mbaula yotenthetserapo chitsulo chomatira mtovu. Pakhomo panali mpopi. M'mbali mwa khoma lakumanzere simenti yake ankaisesa tsiku lililonse, ndipo palibe amene ankaloledwa kupondapo.

Pasimenti pamenepo ndi pamene panali lamulo lawo. Ndowa ikatha kukhomedwa ankayala pepala la thumba la simenti, kuikhazikapo, kuthiramo madzi mpaka m'kamwa, n'kuisiya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pepala likaonetsa kadontho, ndowa inkabwerera panjanji. Wogula kaya afulumire chotani, kaya basi ikumusiya, ndowa yosayesedwa sinkatuluka pakhomo. "Mubwere mawa, iyi sinamwe madzi," ankatero. Ndipo ndowa yawo ikabooka, ngakhale patapita zaka, ankaimata ulere. Zobwerera zinali zochepa kwambiri. Ndinkamuseka mkazi wanga kuti bambo ako akudzitsekera okha msika, munthu akagula ndowa imodzi adzaonana nawonso pamaliro. Iye sankaseka. Sukulu yake yonse anaiphunzira ndi ndowazo.

Kale malata ankachokera ku fakitale ya mumzinda momwemu, okhuthala bwino. Kenako amasitolo anayamba kuitanitsa akunja, opyapyala koma otchipa, ndipo fakitale ija inatseka. Lero ndi nyumba yosungiramo katundu, ndimatsitsirako makontena. Apongozi anadandaula pang'ono, n'kuyamba kupinda msoko wa ndowa kawiri kuti malata opyapyalawo agwire. Ntchito inapitirira.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera chikuimba hutala, ndipo woimba hutalayo ndinali ine. Tsiku lina lole inakwera zitunda zonse ngati ilibe katundu. Atatsegula kontena ndinaona ndowa zapulasitiki, zofiira, zobiriwira, zabuluu, zolowetsedwa ina mwa inzake kuchokera pansi mpaka kudenga. Mtengo wa ndowa imodzi ya apongozi unkagula zingapo za zimenezi, ndi beseni pamwamba.

Madzulo ake ndinadzera ku shedi.

"Bambo, zimene ndatsitsa lero zikukukhudzani," ndinatero.

"Ndaziona kale zikudutsa," anayankha osasiya kukhoma. "Zoseweretsa ana zimenezo, akamwini. Zikhale padzuwa miyezi ingapo, mudzandiuza."

Sananame. Ndowazo zinkasuluka, kuuma, n'kung'aluka. Koma zikang'aluka anthu ankangopita kukagula zina. Ichi ndi chimene apongozi sanachimvetse kwa zaka zambiri, chakuti munthu angagule chinthu akudziwiratu kuti chitha msanga, n'kukhala wokhutira. Ankadikira tsiku limene anthu adzatope n'kubwerera. Anthuwo sanatope.

Apongozi aakazi nawo khosi linayamba kuwavuta, poti kwawo madzi amatunga pampopi wa kumapeto kwa mdadada. Mkazi wanga anawagulira ndowa yapulasitiki yofiira. A Sidontha anaipeza pakhonde. Anangoilambalala, ndipo anapitiriza kuilambalala tsiku ndi tsiku, osaikhudza ngakhale ndi phazi.

Ku shedi sanasiye kukhoma. Ndowa zosagulidwa anaziika zina mwa zinzake, mulu woyamba unafika kudenga, wachiwiri, wachitatu, mpaka zenera lakumbuyo linatsekeka. Iliyonse inali itamwa madzi. Tinkawalankhula kuti apumule kaye, iwo n'kumati mmisiri akasiya nyundo manja amaiwala.

Chinawaimitsa si ife. Kutsidya kwa nyanja kunali dziko limene linkamanga mizinda usana ndi usiku, likumeza chitsulo chilichonse chimene lapeza. Malata anakwera mtengo moti apongozi sakanatha kugulanso. Ine ndinazionera kuntchito, chifukwa makontena amene kale ndinkabwerera nawo kudoko opanda kanthu anayamba kudzaza zitsulo zakutha: mabedi akale, mageti, injini zowonongeka, misomali yopindika. Chitsulo chakufa chinapeza msika pamene ndowa yatsopano inalibe. Apongozi ankapitabe ku shedi m'mawa uliwonse. Ankasesa simenti, kutsitsa ndowa imodzi pamulu, kuyala pepala, kuithira madzi, n'kukhala pampando kuiyang'ana.

Kenako kunabwera mwini nyumba, mwana wa bambo amene anawapatsa shediyo kalekale. Anavula chipewa, analankhula mwaulemu, koma mawu ake anali amodzi: pakutha pa mwezi shedi akuifuna, wamalonda wina waipempha. Wamalondayo anali wogulitsa ziwiya zapulasitiki.

Apa funso linali lakuti ndowa zija zipita kuti. Nyumba ya apongozi ndi ya zipinda ziwiri. Ife timachita lendi pamwamba pa sitolo, malo ake ngakhale njinga timagona nayo kuchipinda. Ndinatenga zina kupita nazo pamsika, tinatsitsa mtengo mpaka kuchita manyazi. Anthu ankaima, kuinyamula ndowa, kuigogoda, n'kunena kuti, "Ziwiya zinali izi, osati za masiku anozi." Akatero ankaiika pansi bwinobwino n'kumapita. Kuyamikira sikuvuta, pakamwa salipira.

Amene anafuna zonse anali mmodzi yekha, bambo wogula zitsulo zakutha amene anthu amangomuti Wasikelo. Analowa mu shedi, anayang'ana milu ija kuchokera pansi mpaka kudenga, n'kukankha ndowa imodzi ndi nsapato.

"Achikulire, tigwirizane kaye," anatero. "Ine sindigula ndowa, ndimagula chitsulo. Ndipo mpweya sindinyamula, mu kontena malo ndi odula. Zonsezi ziphwanyidwe, zikhale zafulati. Ndikutumizirani anthu anga ndi nyundo zazikulu."

Ndinayang'ana apongozi, ndikuganiza kuti amuthamangitsa. Iwo anangoyang'ana nsapato ija.

"Anthu anu asabwere," anatero. "Adzadzicheka, malata amaluma. Ndiphwanya ndekha."

Ndinapempha tchuthi kuti ndikawathandize. Ntchito yake anaigwira monga ankagwirira ntchito ina iliyonse. Ankachotsa chogwirira n'kuchiika pachokha, kugoneka ndowa panjanji, kumenya pamsoko kuti utseguke, kuchotsa chakunsi, kenako kuwongola lata lonse ndi nyundo yamtengo ija mpaka kugona fulati. Msoko wopinda kawiri uja unkakana, ankachita kuubwereza. Ine ndinkangolandira ndi kusanja. Ndikasanja mokhota ankasiya nyundo n'kudzawongola mulu.

Anthu a mu kamsewu anazolowera kulira kwa nyundo yawo, koma uku kunali kulira kwina, kogonthera. Wometa wa khomo loyandikana anatuluka ndi lumo m'manja, anasuzumira, n'kubwerera. Ine ndinkayembekezera kuti mtima undiwawa, kapena kuti apongozi agwetsa msozi ndiwagwire paphewa. Sizinachitike. Mumtima mwanga munali zii, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene akusenda mbatata. Masana tinagula tiyi, tinamwa, tinapitiriza.

Tsiku lomaliza zenera lakumbuyo linaonekanso, kuwala kunalowa, shedi inaoneka yaikulu. Panatsala ndowa imodzi, imene anaithira madzi m'mawa mwa chizolowezi. Inali chikhalire papepala lake.

"Bambo, iyi tisunge," ndinatero.

Anainyamula n'kuyang'ana pepala. Linali louma.

"Ya chiyani?" anafunsa. "Mayi anu sangaisenze. Inu mpopi muli nawo m'nyumba."

Anakakhuthula madzi mu ngalande, anachotsa chogwirira, n'kuigoneka panjanji.

Njanjiyo nayo Wasikelo anaitenga, pamodzi ndi sizasi ndi mbaula. Anasiya nyundo yokha poti ndi yamtengo. Patapita masiku angapo kontena ya Wasikelo inagwera ine kuti ndipite nayo kudoko. Sindinakonze zimenezo, unali mzere wanga basi. Munthu wina kudoko anandiuza kuti zitsulozo amakazisungunula, zina zimabwerera konkuno ngati malata kapena misomali. Ndinavomera ndi mutu. Pazitunda lole inalira monga imalirira ndi katundu wina aliyense.

Kuyambira pamenepo apongozi amakhala pakhonde. Sadwala, sadandaula, amadya bwino. Akafunsidwa za umoyo amati ali bwino, ndipo ndikuganiza kuti sanama. Nyundo ija apongozi aakazi amatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo.

Loweruka lina ndili kwawoko, ndowa yofiira ija inang'aluka kunsi. Apongozi aakazi anafika nayo kuchokera kumpopi madzi akutsika m'khosi mpaka kumsana.

"Bambo a ana, taonani ngati mungaimate," anatero.

A Sidontha anaitenga. Kanali koyamba kuwaona akuikhudza. Anaitembenuza, anayendetsa chala pamng'alu.

"Izi sizimatika," anatero. Analowa m'nyumba, anavala jekete, n'kundiuza kuti, "Tiyeni, akamwini, mundiperekeze."

Sitolo yapafupi yogulitsa zimenezi ndi shedi yawo ija. Anaipaka utoto, anaika mashelefu, pakhomo akolekapo mabeseni ndi makapu. Mpopi ulipobe. Pasimenti ya kukhoma lakumanzere pakuonekabe zizindikiro zozungulira, pamene ndowa zinkakhala ndi madzi zaka zonse zija, koma tsopano anthu amangopondapo. Wometa atationa anakweza dzanja n'kuitana kuti, "A Sidontha, mwasowatu." Iwo anakweza dzanja lawo osaima.

Mayi wogulitsa sankawadziwa.

"Agogo, mukufuna ya mtundu wanji? Ilipo yofiira, yabuluu, yobiriwira."

"Iliyonse," anayankha.

Anawapatsa yabuluu. Anaitembenuza, chala chinadzuka chokha kuti chigogode kunsi, koma chinaima m'malere n'kubwerera. Ine maso anga anali pampopi. Ndinkadikira kuti apemphe pepala ndi madzi, mayiyo adabwe, ine ndiyambe kufotokoza kuti bambowa ndi ndani. Mawu ndinali nditawakonza kale. Iwo anapisa m'thumba, analipira, n'kutuluka.

Tinayamba ulendo wobwerera. Titafika pamphambano ndinalephera kupirira.

"Bambo, sitinaiyese."

"Idzadontha basi," anatero. "Ikadontha tidzagula ina."

Anaikoleka pa chala chimodzi, ndipo njira yonse mpaka kunyumba mphepo inkangoigwedeza, ikuwamenya pabondo.