Dzina Limene Ndinalemba m'Kaundula

Ine sinditaya pepala. Pansi pa bedi langa kuno ku Yofu, pachilumba, pali bokosi lachitsulo, ndipo m'menemo muli makalata onse a zaka zimene ndinaphunzitsa, makhadi a ubatizo a pabanja pathu, ngakhalenso matikiti a sitima, chilichonse mu envulopu yake. Malemu akazi anga ankati pondiika m'manda adzakumba awiri, ena a bokosilo.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Mbungo. Anafunsira malo ku yunivesite ina ya kumtunda kuti achite digiri ya uphunzitsi, kudzera njira imene amatsegulira aphunzitsi ogwira kale ntchito. Anamusankha. Koma kalata yake inati afotokoze kaye chifukwa chake masatifiketi ake ali ndi dzina lina la bambo pamene chiphaso cha unzika chili ndi lina. Ankafuna mapepala odindidwa, osati chithunzi cha pa foni. Akachedwa, malowo apita kwa wina, ndipo sitima yoti ikafikitse mapepalawo nthawi isanathe inatsala imodzi.

Ndinakwiya. Ndinavala jekete n'kuyenda mpaka ku Chipyela, kwa mlangizi wa maphunziro, mayi wa kumtunda amene anamuthandiza kusankha zoti akaphunzire.

"Mayi, makalaliki a masiku ano sawerenga," ndinatero ndisanakhale pansi. "Alakwitsa okha, wovutika akhale mwana wanga?"

"Aphunzitsi, imwani kaye madzi, thukuta lakwana," anatero. "Anakamulembetsa Sitandade 1 ndani?"

"Ndine. Kaundula ndinkasunga ndine."

"Munalembamo dzina lanji?"

Ndinamwa madziwo pang'onopang'ono. Bambo ake a mwanayo anamwalira kutsidya, ku Mozambique, kumene anapita ndi usodzi, ndipo iye anabwera kwa ine malume ake monga timachitira. Tsiku lolembetsa ndinalemba dzina langa osaganiza n'komwe. Pachilumba pano mwana amadziwika ndi khomo limene amatulukira m'mawa. Patapita zaka, polembetsa chiphaso, anatsata khadi la ubatizo, la dzina la bambo ake. Kalaliki wolakwitsa uja, amene ndinamunyoza njira yonse, ndinali ine.

Mlangiziyo sanandiseke. Anati tikalumbire kwa majisitireti, titatenga umboni woti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi.

Masana amenewo tinakoka bokosi, ine ndi mwanayo. Khadi la ubatizo linalipo. Malipoti a sukulu analipo, a dzina langa okhaokha. Koma pepala lotchula onse awiri silinkaoneka. Tinalipeza mu envulopu ya za tchalitchi: kalata imene ansembe analemba pomupereka kuti akasanjikidwe manja ndi abishopu. Inati ndi mwana wa malemu uje, woleredwa ndi malume ake uje. Inki inafuwa, koma chidindo chinkawerengeka.

"Amalume, zimenezinso munasungiranji?"

"Zinabwera m'nyumba muno. Ndikanatani nazo?"

Majisitireti anadinda m'mawa mwake. Pafomu ya ku yunivesite panatsala mzere umodzi, wofunsa dzina loti lidzalembedwe pa digiri. Ine ndi mwanayo tinakhala pamwala pansi pa mlambe, fomu ili pa bondo pake.

"Lemba la bambo ako," ndinamuuza. "Ndinakulanda popanda kupempha munthu. Libwerere."

"Ana a ku Mbungo andiitana ndi dzina lanu zaka zonsezi. Mukufuna ndikayambirenso kuwaphunzitsa moni?"

"Cholakwika chimakonzedwa, mama. Sitichisiya chifukwa tachizolowera."

"Ndiye muyang'ane kumbali, aphunzitsi, mungandichotsere malikisi."

Analemba dzina la bambo ake. Kenaka, osakweza mutu, analemba langa pambali pake, zilembo zoimirira bwino monga ndinamuphunzitsira. Ndinafuna kunena kuti mzerewo ndi wopapatiza, mayina awiri athinana. Koma ndinangotenga fomuyo n'kuiika mu envulopu.

Mapepala anakwera sitima, ndipo malowo sanapite kwa wina. Tsopano ali m'chaka chachiwiri. Akabwera patchuthi amandibweretsera chikalata cha zotsatira za mayeso, ndipo ndimayamba ndaona dzina ndisanaone malikisi. M'bokosi muja ndaikamo envulopu yatsopano, yaikulu, kuti digiriyo ikadzabwera isadzapindike. Pamwamba pake ndalembapo kale mayina onse awiri.