Maliro a Chidole

Chaka chimene koleji yathu, kuno kutsidya kwa nyanja, inaganiza zokonza mwatsopano maphunziro a anamwino, ine ndinali nditangosiya ntchito ya m'wodi n'kuyamba kuphunzitsa. Anandiika mukomiti, ndipo ndikukhulupirira kuti chinali chifukwa choti ndinali mlendo, ndisanadziwe kukana. Tinkakumana Lachitatu masana m'chipinda chopanda zenera, aliyense ndi kapu yake ya khofi, n'kumakangana za zimene mwana ayenera kuphunzira kuyambira tsiku lolowa pakoleji mpaka tsiku lomupatsa odwala enieni.

Pa mfundo yaikulu tinagwirizana msanga. Tinati wodwala si chiwindi kapena mapapo chabe, ndi munthu wathunthu, wokhala ndi mantha ake, chikhulupiriro chake ndi abale ake. Mawu amenewa tinawalemba patsamba loyamba, tonse tikugwedeza mitu ngati tikumva ulaliki. Vuto linabuka titayamba kugawana nthawi. Wophunzitsa za mankhwala ankafuna maola ake, wa za amayi oyembekezera ankafuna ake, wa za ana sankafuna n'komwe kumva zochotserako, ndipo munthu wathunthu uja tinayambanso kumudula nthulinthuli monga mwa kale.

Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo chinkakhudza zidole. M'munsi mwa nyumba ya koleji yathu muli wodi yophunzirira, ndipo pamabedi pake pamagona zidole zazikulu ngati anthu. Tsiku loyamba kuziona ndinabwerera m'mbuyo. Chidole chimapuma, chifuwa kukwera ndi kutsika, chimaphethira, chimabuula, ndipo ukachigwira pamkono umamva mtima ukugunda. Ine amene ndinaphunzirira kubaya jakisoni pa lalanje kwathu ku Malawi ndinangoima kukamwa kuli yasa. Zonsezi amaziyendetsa pakompyuta bambo wina wandevu zaimvi, wosalankhulalankhula, amene amakhala kuseri kwa galasi. Galasilo ndi loti ali kuseriko amaona zonse za m'wodi, koma ali m'wodi amangodziona okha.

Nthawi zina phunziro limakhala loti wodwalayo amwalire. Ophunzira amathamanga, amapopa chifuwa, amabaya mankhwala, mpaka mphunzitsi anene kuti basi, zakanika. Akatero amawomba m'manja n'kuwauza kuti akakambirane m'chipinda china. Ana aja amavula magulovu, amatuluka akuseka, chidole n'kutsala chifuwa chili pamtunda, maso ali tong'o. Zimenezi zinkandidya mumtima. M'wodi yeniyeni munthu akamwalira dokotala amachoka, koma namwino amatsala, ndipo pakhomo pamakhala pali abale. Ndinapempha kuti phunzirolo lisamathere pa imfa, koma abale azilowa, wophunzira aziwalandira.

Mkulu wa dipatimenti yathu anali mayi wanzeru, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri m'zipatala za m'tauni ya Bethesda, kufupi ndi kuno. Sanali munthu woipa, koma nthawi ankaiumira kwabasi.

"Zimenezo adzaphunzira okha akayamba ntchito," anatero.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinawayankha kuti chimene adzaphunzire okha ndi kuthawa, chifukwa ndaona anamwino odziwa bwino ntchito akubisala m'chipinda cha mankhwala pakakhala kulira. Mkulu uja anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati ndiwaonetse kamodzi, komiti yonse ili kuseri kwa galasi. Akakhutira, phunzirolo lilowa. Akapanda kukhutira, nkhaniyo ithera pomwepo. Anthu okhala ngati abale ndikawapeze ndekha.

Lamlungu titaweruka mapemphero ku Hyattsville ndinakokera pambali amayi a kumpingo kwathu. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito yosamalira okalamba, kotero za chipatala sizachilendo kwa iwo. Nditafotokoza, anaseka mpaka kugwetsa misozi.

"Tikalire chidole? Aphunzitsi, sukuluyo yakuzunguzani mutu."

"Manje imwe, tizalila bwanji pulasitiki?" anafunsa mayi wina wa ku Zambia, akudzigwira nthiti.

Angapo anavomera, makamaka chifukwa chofuna kukaona chidole chopuma. Pagulupo panali amayi ena achikulire, ofatsa, amene amasamalira agogo ena ku Upper Marlboro. Iwo sanaseke kwambiri. Anangoti, "Ndibwera, mwana wanga. Lachitatu ndili pa ofu."

Tonse tinkadziwa kuti mwana wawo wamkazi anamwalira kumudzi zaka zingapo zapitazo, iwo osapita kumaliro. Mapepala awo okhalira m'dziko lino anali asanalongosoke. Akanapita sakanabwereranso, ndipo adzukulu amene anatsala ankadalira ntchito yawo ya kuno. Tsiku loika malirolo tinadzaza pabalaza pawo, tikuonera mwambo pafoni imene inkangodukaduka. Koma Lamlungu limenelo ine mutu unali pa komiti, ndipo sindinaganize kuti nkhani ziwirizi zingakumane.

Onse amene anavomera ndinawalangiza bwinobwino. Ndinati akangolowa, afunse kuti zayenda bwanji, aoneke achisoni pang'ono, basi. "Musapyole muyeso, amayi. Anzangawa sachedwa kuchita mantha."

Lachitatu linafika kukuzizira. Amayi aja anabwera pa sitima ndi basi, ndipo nditawaona akulowa pageti ndinadabwa. Anali atamanga zitenje pamwamba pa majasi, mipango kumutu, ndendende ngati akupita kukakhuza maliro enieni. Ndinawafunsa kuti zimenezi n'zachiyani. Anati munthu sapita pamaliro mutu uli pamtunda, ngakhale akhale a chidole. Ndinawasiya mukhonde akugwirana pakamwa kuti asaseke, ine n'kukalowa kuseri kwa galasi komwe kunali komiti.

Chidole cha tsikulo anachiveka wigi, ndipo ophunzira anauzidwa kuti ndi mayi wachitsikana amene wadwala mwadzidzidzi. Wotsogolera gulu anali mtsikana wa chaka chomaliza, wobadwira konkuno, wamanja achangu, amene sankalakwitsa kanthu pamayeso. Anagwira ntchito yawo bwino lomwe. Kenako bambo wandevu uja anadina pakompyuta, mtima wa chidole n'kuima, ndipo ophunzira atayesetsa zonse, amene ankakhala ngati dokotala ananena kuti wodwalayo wamwalira, n'kutuluka. Ana aja anayamba kuyang'ana kukhomo, kudikira kuwomba m'manja kuja. M'malo mwake chitseko chinatseguka, amayi aja n'kulowa.

Amayi achikulire aja ndi amene anali patsogolo. Atafika kumiyendo kwa bedi anaima. Sanafunse funso limene ndinawauza. Anayang'ana chifuwa chili pamtunda chija, anamasula chitenje chawo, n'kufunditsa chidolecho kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo, akuwongola nsaluyo ndi chikhatho. Kenako anaitana dzina la mwana wawo. Analiitana motsitsa, ngati akumudzutsa, ndipo ataliitana kachiwiri mawu anasweka, kulira n'kutuluka.

Sikunali kulira kwa sewero. Aliyense amene anakulira kwathu amakudziwa kulira kumeneko. Anzawo aja kuseka kunathera pomwepo. Anakhala pansi, pasimenti yozizira ya wodi, miyendo atatambasula, wina n'kuyambitsa nyimbo yamaliro chapansipansi, ena n'kulandira. Pakati pawo panalibe amene sanaphonyepo maliro a mbale wake kumudzi.

Ine ndinati basi, phunziro langa lafera pompano. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha chifukwa cha amayi aja, ndipo ndinapita kuchitseko kuti ndikaletse zonse. Mkulu wa dipatimenti anandigwira mkono.

"Dikirani," anatero, maso ali pagalasi.

Ophunzira ena anali atadzipanikiza kukhoma. Mtsikana wotsogolera uja anatsala yekha pafupi ndi bedi, makina akulirabe pamutu pake. Anayang'ana kugalasi kufuna thandizo, koma chimene anaona ndi nkhope yake yomwe. Ndinali wotsimikiza kuti athawa. Anatembenuka n'kuzimitsa makina aja. M'wodimo munatsala nyimbo yokha. Anatsitsa chitsulo cha m'mbali mwa bedi kuti amayi achikulire aja afike pafupi, anabweretsa mpando, ndipo amayiwo atakana kukhala, anausiya n'kuima pambali pawo. Anavula magulovu n'kugwira amayiwo dzanja. Pa zonse zimene amayi aja ankalankhula polira, iye sanamvepo ngakhale liwu limodzi, koma sanasunthe.

Patapita nthawi kulira kunatsika. Amayi aja anayang'ana nkhope ya chidole, n'kunena m'Chichewa, "Maso. Mwana wanga mwamusiya maso ali chitsegulire." Kenako anatembenukira kwa mtsikana uja n'kumupempha m'Chingerezi kuti awathandize kuwatseka.

Zikope za chidole chimenechi sizitsekeka ndi dzanja, ndipo mtsikanayo ankadziwa bwino zimenezi. Akanatha kuwauza. Iye anangotenga dzanja la amayi aja, analiika pachipumi pa chidole, lake lili pamwamba, n'kuyamba kulitsitsa pang'onopang'ono. Ndinamva kaphokoso kakang'ono pambali panga. Bambo wandevu uja, popanda womuuza, anali atadina pakompyuta pa nthawi yeniyeni imene manja aja ankadutsa. Atawachotsa, maso anali atatsekeka.

Ndakhala ndi anthu ambiri pomwalira, ku Malawi ndi kuno komwe, ndipo ndinkaganiza kuti palibenso chingandidabwitse pabedi la wodwala. Koma tsikulo thupi lonse linachita tsembwe. Ndinkadziwa kuti ndi pulasitiki, ndinkadziwa kuti ndi kompyuta, ndinkamuona ndi maso anga amene wadina, komabe ndinachita mantha ngati amene munthu amachita akalowa pamalo opatulika. Mayi wa kwathu, mtsikana wa kuno ndi bambo wobisika kuseri kwa galasi, osadziwana, anatseka limodzi maso a munthu amene anaikidwa kale kutali. Bamboyo ankangoyang'ana manja ake.

Amayi aja anatuluka. Wophunzitsa za mankhwala ankafufuza kanthu m'thumba mwake kosaoneka. Mkulu uja anavula magalasi, anawapukuta, n'kundifunsa kuti phunziro lotere limatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati limatha abale akamaliza. Ndinkayembekeza kuti yankho limenelo lindipha, chifukwa pa ndondomeko ya maphunziro palibe malo a chinthu chosadziwika pothera. Iwo anati lilowe m'chaka chomaliza, ndipo nthawi yake aichotsa pa kosi yawo yomwe, yokhudza kayendetsedwe ka wodi. Anawonjeza kuti tizisamala posankha anthu obwera ngati abale, ndipo pamenepo ankanena zoona.

Ndinathamangira mukhonde. Mtsikana uja anali atakhala pabenchi, mayi wa ku Zambia akumusisita pamsana n'kumamuuza kuti wachita bwino. Amayi achikulire aja anali akumanga mabatani a jasi lawo, maso ali psu, koma nkhope itapepuka.

"Pepani amayi," ndinatero. "Sindinaganize."

"Ukupepesa chiyani, mwana wanga? Anandiuza pafoni kuti amene anamutseka maso ndi mlamu wanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuchitira nsanje."

Iwo anati ophunzira ena akafika ndidzawaitanenso, tsiku limenelo sadzavuta ayi. Anati ndimuuzenso mtsikana uja kuti mtima ali nawo, koma manja ake ndi ozizira, aziyamba wawafunditsa asanagwire munthu. Anzawo anaseka, nawonso n'kusekako pang'ono.

Pamenepo ndinaona kuti pajasi pawo palibe chitenje, ndipo ndinakumbuka kuti chatsala pabedi. Ndinati andidikire ndikawatengere, popeza kunja kunali mphepo. Anandigwira mkono ndisanaponye phazi.

"Chisiye," anatero. "Ndamufunditsa kale."