Asodzi anga opanda maso

Ine ndine mphunzitsi wa masamu, koma anthu a ku Liwaladzi amandidziwa kwambiri ndi kampeni kanga kosemera. Ndimasema tiana ta tchesi, ndipo sindibisa, ndimatha.

Zinayamba chifukwa cha apongozi anga aamuna. Ndinakwatira mwana wawo ine ndili Mkhristu, iwo Asilamu osaphonya swala, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi moni wawo kwa ine unali wopatsa munthu wodutsa pamsewu. Sanandinyozepo. Bola akanandinyoza, ndikanadziwa poyankha. Tsiku lina mkazi wanga anandiuza kuti bambo ake anaphunzira tchesi akugwira ntchito ku Joni, koma kuno analibe wosewera naye. Ndinati basi, polowera ndi pamenepa.

Zapulasitiki zogula ndinazikana. Ndinapeza mitengo, phingo wa gulu lakuda ndi malaina wa gulu loyera, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango miyezi itatu, ndikangoweruka kusukulu. Asilikali akutsogolo aja ndinawasandutsa asodzi, aliyense ndi nkhafi yake yomata ndi guluu. M'malo mwa akavalo ndinaika mitu ya mvuu, m'ngodya nkhokwe za mpunga, ndipo mfumukazi inavala duku. Koma chimene ndinanyadira koposa ndi nkhope. Msodzi aliyense anali ndi yake: wina wamasaya, wina wotong'ola maso ngati waona ng'ona. Mmodzi anafanana ndi ahedi athu moti aphunzitsi anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Loweruka lina apongozi anabwera kudzaona zidzukulu. Ndinayala bolodi pakhonde. Iwo anawerama, nayang'ana nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Mwasema nokha?" anafunsa.

"Ndekha, bambo."

"Luso lilipo," anatero, n'kukakhala pampando wakutali. Sanakhudze ngakhale kamodzi.

Ndinapsa mtima zedi. Atapita ndinauza mkazi wanga kuti bambo ake ndi odzimva, ndipo ine ndatopa n'kuwanyengerera. Iye anandiyang'ana ngati mwana wolephera samu yophweka.

"Inu bambo, zaka zonsezi munaonapo chithunzi cha munthu pakhoma kwathu kuja? Kwa ababa, chosema chokhala ndi maso ndi fano. Amati malaika salowa m'nyumba yotero. Bwanji osafunsa?"

Sindinafunse chifukwa ndinkadziyesa wochenjera. Sabata yonse tianato tinakhala pawindo tikundiyang'ana ndi maso amene ndinatipatsa ndekha. Mumtima ndinkati nkhope izi ndi zanga, ndinazivutikira, wosazifuna akhale. Kenako ndinkakumbukira kuti sindinasemere ine.

Ndinatenga tupa. Ndinayamba ndi ahedi, ndipo amenewo sanandivute. Enawo anandipweteka, makamaka wamasaya uja, amene ndinamusema masiku anayi. Ndinafufuta maso, mphuno, pakamwa, mpaka pankhope panasalala ngati dzira. Mvuu zinali zosatheka kuzikonza, choncho ndinazisunga m'chitini n'kusema nsonga za mabwato m'malo mwake. Ndinadabwa kuona kuti popanda nkhope asodzi aja anakhalabe asodzi: nkhafi, mapewa ndi kuwerama kwa msana zinkanena zonse. Ndinawapaka mafuta a mtedza mpaka phingo anawala.

Lachisanu masana, anthu atatuluka mumzikiti, ndinamanga bokosi pa njinga n'kupita kwa apongozi. Ndinawapeza pakhonde atavala mkanjo ndi mzuli. Ndinagwada, kupereka moni, n'kuyala bolodi.

Anatola msodzi mmodzi, nayendetsa chala pamene panali nkhope.

"Uyu si uja wamasaya?"

Kani tsiku lija anawaona bwinobwino mmodzimmodzi.

"Ndi yemweyo, bambo."

"Anali wokongola," anatero motsitsa mawu. Anamuika pamalo pake, nakoka mpando kufupi ndi tebulo.

Anandigonjetsa katatu konse, kachiwiriko ndisanasunthe n'komwe nkhokwe zanga. Ndinkatuluka thukuta, iwo akungosisita ndevu. Ndikulongedza kuti ndizipita, anagwira chivundikiro cha bokosi.

"Izi zisiyeni konkuno, mwananga. Kusema mumatha, koma kusewera ayi. Muzibwera Lachisanu lililonse."

Panjira yonse yobwerera sindinakwere njinga. Ndinkangoikankha, ndikubwereza mawu amodzi aja, mwananga.